Mbewa yovala jekete: yankho kwa achemwali a ku Leeds

Achemwali ena anandilembera imelo sabata yatha, ndinaiwerenga ndili m'basi pochokera ku shifiti ya usiku ndipo ndinaseka ndekha mpaka mzungu amene anakhala pafupi nane anasendera kuwindo. Akuti ku ofesi kwawo ku Leeds achita zija za Secret Santa, aliyense watola kapepala ka dzina la mnzake woti amugulire mphatso ya Khrisimasi mobisa, iwo atola mtsikana wina wokonda zinthu zachilendo, pa desiki pake pali kale kachibade ka nkhosa ndi tizithunzi ta akhwangwala. Malire a ndalama ndi £20. Nde pofufuza pa intaneti apeza kadzidzi woumika amene munthu wina akugulitsa motchipa, apezanso kambewa kovekedwa zovala, akufunsa kuti achimwene inu mwakhalitsa kunoko, ndigule chiti?

Achemwali, mwandigunda pachilonda. Khalani pansi kaye.

Khrisimasi yanga yoyamba kuno ku UK inali ya 2015, ndikugwira ntchito ku nyumba ina yosamalira okalamba kufupi ndi Luton, dzina lake tilisiye. Zoti anthu akuntchito amagulirana mphatso mobisa ndinali ndisanazimvepo. Kwathu ku Dedza Khrisimasi ndi mpunga, nkhuku, Fanta wa ana ndi malaya atsopano ngati chaka chayenda bwino, basi. Ndipo nyama ikakhala mphatso imafika mwanjira ziwiri zokha, yamoyo miyendo yomanga ndi luzi ikuphupha m'manja mwa mwana, kapena yophikaphika m'mbale yovindikira. Sindinkadziwa kuti kuli dziko limene kuli njira yachitatu, yoti nyama ifike itafa koma ikukuyang'ana.

Ine ndinatola dzina la nesi wina wachikulire, ndinamugulira kapu ndi chokoleti, zinthu zopanda mlandu. Tsiku lotsegula linafika, tonse tapanikizana mu kachipinda komwera tiyi, ena avala zipewa zofiira zija, manijala akuitana maina. Langa litamveka anandipatsa kabokosi kopepuka, ine mumtima ndikuti mwina ndi wotchi, pajatu munthu sutaya chiyembekezo. Kutsegula chonchi, mbewa. Mbewa yeniyeni, yoyera, yaima ndi miyendo iwiri pa kathabwa, yavala kajekete kobiriwira kokhala ndi mabatani, m'manja yagwira kanyuzipepala. Timaso takuda tikuwala ngati ikufuna kundifunsa za fetereza.

Chipinda chonse chinagwa nako kuseka. Nanenso ndinaseka, nanga mlendo ungatani. Ndinadziwa pompo komwe zachokera, chifukwa miyezi ingapo m'mbuyomo pa nthawi ya buleki ndinawauza kuti kwathu timadya mbewa, ndinawafotokozera bwinobwino mmene timakumbira tikakolola, mmene timafukizira utsi ku una, kuziwiritsa ndi mchere n'kuziyanika, ndi anyamata amene amaima m'mbali mwa msewu wa M1 atanyamula mipani basi ikamadutsa. Ndinkafotokoza monyadira, ngati munthu amene akuuza anzake za kwawo. Ena anagwira pakamwa, mmodzi anasiya sangweji yake. Nde pano mbewa ija yabwerera kwa ine itavala jekete.

Ulendo wonse wobwerera kunyumba kabokosi kali pamiyendo ndinkangodzifunsa, kodi anthuwa amandikonda kapena andipanga choseketsa cha chaka? Mpaka lero ndikakumbuka basi ija mtima umachita kaphokoso.

Kufika kunyumba mayi akunyumba, amene ndi a ku Ntcheu ndipo mbewa amazidya kuposa ine, anangosuzumira kamodzi n'kunena kuti icho sichigona m'nyumba muno. Ndinati ndi mphatso, kutaya mphatso ndi mwano. Anati mphatso yanji yokhala ndi maso. Tinakangana mpaka tinagwirizana kuti ikhale pa shelefu ya pamwamba ku sitingirumu, kuseri kwa chithunzi cha ukwati, ndipo inakhala pamenepo mwakachetechete mpaka tsiku la Khrisimasi lenilenilo pamene mlongo wanga anaimba video pa WhatsApp kuti amayi atione. Ndikuyendayenda ndi foni kuwaonetsa nyumba, uku ndi kukhitchini amayi, panja apa ndi chisanu chija, kenaka ndinangomva, tabwerera pamenepo. Chithunzi cha ukwati chinali chitasuntha. Amayi anakhala chete kanthawi, kenaka anati, mwana wanga, wapita kunjako kukakhwima?

Achemwali, kufotokozera mayi wa Mvano, wa yunifolomu yake yoyera, kuti mbewa yovala jekete yowerenga nyuzi pa shelefu ya mwana wake ndi zokongoletsa chabe, yesani tsiku lina muone. Pofika Januwale nkhani inali itazungulira mudzi wonse kuti uja ali ku UK akuweta kanthu kamene kamamubweretsera ndalama. Nditatumiza ndalama za malata chaka chimenecho, ndalama zoti ndinazipeza potembenuza agogo a eni usiku wonse msana ukuwawa, anthu anati mwaona, kambewa kaja kayamba ntchito. Amalume mpaka anandiimbira kundilangiza kuti zinthu zimenezi zimayamba bwino koma mapeto ake zimafuna magazi a pachibale. Lero ndikuseka koma nthawi imeneyo sizinali zoseketsa olo pang'ono.

Koma ine chibadwire ndine wa chidwi, chinthu chikandivutitsa ndimafuna ndichidziwe. Ndinayamba kuwerenga za taxidermy, ndilo dzina lake, ndipo choyamba chimene ndinaphunzira n'choti mawu oti kuumika amene ndikugwiritsa ntchito pano ndi ongobwereka. Nyama ija mulibemo. Amasenda chikopa mosamala ngati akuvula sokosi, nyama ndi matumbo amachotsa, chikopa amachipala n'kuchithira mankhwala kuti chisaole, kenaka amachiveka pa kathupi kopanga, ka waya ndi thonje kapena ka thovu lolimba lija, maso amaika agalasi kapena mikanda. Nde chimene amayi anaona chinali chikopa ndi waya basi. Chinandiseketsa kwambiri ndi komwe mbewazo zimachokera. Kuno kuli anthu oweta njoka m'nyumba, eya njoka, ndipo m'mashopu a ziweto amagulitsa mbewa zakufa za mufiriji zoti njokazo zizidya. Ambiri opanga timbewa tovala zovalati amagula zomwezo. Ndiye kuti dziko lino mbewa yophika ndi mchere ndi zonyansa, koma mbewa ya mufiriji ya njoka ili bwino, yovala jekete ili bwinonso. Chabwino.

Ndipo si zachibwana za ana a masiku ano ayi, zinayamba kale. Kunali mkulu wina dzina lake Walter Potter, wa mudzi wa Bramber ku Sussex, anabadwa 1835 n'kumwalira 1918. Iyeyu anayamba ndi kambalame kake koweta katafa, mapeto ake anatsegula myuziyamu yathunthu m'mudzimo. Anapanga sukulu ya tiana ta akalulu 48 tili pa madesiki ndi masileti, anapanga maliro a kambalame okhala ndi mitundu 98 ya mbalame za kuno, ndipo chotchuka kwambiri ndi ukwati wa tiana ta amphaka 20, mkwatibwi wavala diresi ndi velo, wansembe wagwira buku, anamkungwi ali pambali, bwenzi kwathu tikuti kwangotsala perekaniperekani. Anthu ankakwera sitima kukaona zimenezi. Katundu yense anadzagulitsidwa pa okushoni mu 2003 pamtengo wopitirira £500,000. Theka la miliyoni ya mapaundi achemwali, amphaka akufa.

Zina zimakhala zotchuka chifukwa cholakwika. Ku Horniman Museum ku Forest Hill mu London ndinakaonako walrus, chinyama cha ku nyanja zozizira chachikulu ngati mvuu chokhala ndi mano awiri aatali, chimene chinachokera ku Canada m'zaka za m'ma 1880. Chamoyo chimakhala ndi makwinya ambirimbiri, koma amene ankachikonza akuti anali asanachionepo, nde anangopitiriza kupakira mkati mpaka makwinya onse anatha, chinatuluka chofufuma ngati thumba la chimanga losokedwa mokakamiza. Pano ndiye chimene anthu amachikonda pa myuziyamu yonse. Ku Sweden nako ku Gripsholm Castle kuli mkango umene mfumu Frederick I analandira wamoyo ngati mphatso kuchokera ku Algiers mu 1731. Utafa anaupereka kwa mmisiri amene mkango sankaudziwa, zotsatira zake mukazione pa Google nokha, maso oyandikana, mano ngati a munthu, lilime panja, nkhope ya galu amene wadya chamba. Mwaona, ngakhale mafumu mphatso za nyama zimawathera moipa.

Ana anga ndinawatengerapo ku Tring, si kutali ndi kuno ndipo kulowa ndi ulele. Ndi myuziyamu imene anayambitsa Walter Rothschild, anaitsegulira anthu mu 1892, mkulu wachuma amene ankamanga mbidzi pa ngolo m'malo mwa mahatchi. Mkati muja muli chilichonse, mpaka nthata zovekedwa zovala zochokera ku Mexico zimene umachita kuziyang'ana pa galasi lokulitsa. Ana anasangalala. Ine ndinaima patsogolo pa magalasi a nyama za kwathu, mbidzi, agwape, anyani, ndipo china chake chinandikhala pakhosi. Mwana wanga ulendo woyamba kuona mbidzi anaiona yakufa, mu Hertfordshire, kunja kukugwa mvula. Sindikuti zonse ndi mlandu wa azungu, ku Majete nyama tinamaliza tokha ndi misampha ndi mfuti mpaka bungwe losamalira nkhalango la African Parks litatenga malowo mu 2003 anachita kuyambiranso, mikango kuchita kuitenga ku South Africa mu 2012. Koma pali kanthu kamene kamandinyansa ndithu ndipo ndikanena. Sing'anga wa kwathu akayala chikopa cha nyalugwe ndi nthenga pa mkeka pamsika, amenewo ndi matsenga, umbuli, anthu akumdima. Bwana wa kuno akapachika mutu wa mbawala pamwamba pa moto ku pub, malo awo omwera mowa, kapena nkhandwe mu bokosi la galasi pa khonde, chimenecho ndi chikhalidwe, ndi mbiri ya banja. Chikopa ndi chomwecho. Kusiyana kwake ndi vanishi.

Ndasochera. Tibwerere ku mbewa.

Patapita miyezi ingapo ndinadziwa amene anandipatsa. Anali kamnyamata kena kachete ka kukhitchini, kosalankhulalankhula, kamene tinkasuta nako mphepo panja nthawi ya buleki. Kanadzandiuza kokha mwamanyazi kuti mbewa ija sikanagule, kanapanga kokha. Kanalipira kalasi ya tsiku limodzi ku London, Loweruka lathunthu kakusenda kambewa ndi kampeni, jekete anasoka ndi agogo ake. Akuti pa anthu onse a pantchito paja ine ndekha ndi amene ndinalankhulapo za mbewa ngati chinthu chaulemu, ndiye kanaganiza kuti ine ndi amene ndingamvetse. Ndinasowa pogwira. Miyezi yonse ija ndinali nditakwiyira chipinda chonse pamene mwana wa eni anataya Loweruka lake ndi ndalama zoposa malire amene tinapangana chifukwa cha ine.

Koma taonani, ngakhale nditadziwa zimenezo maganizo anga pa nkhani ya Secret Santa sanafewe, anachita kulimba. Vuto silinali mnyamata uja, silinalinso mbewa. Vuto ndi kachitidwe kake. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndiye kuti ukampatsa mnzako chinthu wasungitsa, pakati panu pamera kanjira, mawa adzakukumbuka. Nanga ukapatsa mobisa waika kwa ndani? Wolandira sadziwa woti amuthokoze, sadziwa mtima umene chachokera, amangoona chinthu ndi anthu khumi ndi awiri akumuyang'ana nkhope kuti aone ngati aseke. Mnyamata uja akanandipatsa yekha panja paja n'kunena mawu awiri okha aja, bwenzi nditamukumbatira. M'malo mwake chinthu chimene anapanga ndi chikondi chinasanduka sewero, ine n'kukhala chidole chake. Ndipo ndaona zaka zonsezi kuti mphatso zambiri za Secret Santa sagulira munthu wolandirayo, amagulira chipinda. Wogula amaganiza za kuseka kwa masekondi makumi atatu kuja, za chithunzi cha pa gulu la WhatsApp la ku ofesi, saganiza za munthu amene akwere nacho basi, akalowe nacho m'nyumba mmene muli mkazi wake, ana ake, mwina ndi amayi ake pa foni. Kapu yolembedwa zopusa ukhoza kuiponya kumbuyo kwa kabati. Chinthu chakufa chokhala ndi maso sichibisika, ndayesa.

Ine ndikanakhala manijala bwenzi nditathetsa zonsezi, aliyense asonkhe £10 tigule nkhuku tiotche tidye limodzi. Ndinanenapo pa miting'i ina, anandiyang'ana ngati ndatukwana mfumu.

Nde achemwali funso loyamba si lakuti kadzidzi kapena mbewa. Funso ndi lakuti mukugulira mtsikanayo kapena mukugulira ofesi? Mwanena kuti ali ndi chibade cha nkhosa pa desiki, chimenecho ndi chizindikiro chabwino, koma musathamange. Pali anthu okonda mafupa ndi akhwangwala ojambula amene nyama yosendedwa safuna kuiona, ena mwa iwo sadya n'komwe nyama, chibadecho mwina anachitola kuthengo poyenda kapena ndi chapulasitiki. Ndipo ngakhale iye azikonda, mu ofesimo muli ena. Kuno munthu mmodzi akangodandaula kuti zamukhumudwitsa, Januwale mukuyamba ndi kukhala pa mpando ku HR, ofesi yoona za ogwira ntchito, ndipo tisanamizane, ine ndi inu tikakhala pa mpando umenewo nkhani simatha mofanana ndi anzathu aja. Mzungu akabweretsa nyama yakufa ku ofesi amati ndi wanthabwala. Inu mukabweretsa, wina mumtima anena kuti ndi za kwawo zimenezo.

Za kadzidzi

Ayi. Musagule.

Ndikudziwa kuti kuno kadzidzi ndi mbalame ya nzeru, ali pa makapu, pa mapilo, pa mabaji a sukulu za mkaka, mwana wanga anabwera naye wa nsalu kuchokera ku sukulu ndipo mayi ake anamuchotsa usiku mwakachetechete. Koma inu achemwali munakulira kumene ndinakulira ine, mukudziwa zimene zimachitika kadzidzi akatera pa denga n'kulira usiku, anthu amadzuka ndi zikuni zamoto, m'mawa aliyense akufunsa kuti kodi akudwala ndani. Mukhoza kunena kuti ndinaphunzira, zimenezo ndinazisiya, chabwino, nanenso ndimatero masana. Koma kadzidziyo afika pa adiresi yanu, agona m'nyumba mwanu sabata yathunthu kudikira tsiku la phwando, mudzuka usiku kupita kukamwa madzi n'kukumana naye pa tebulo. Ndipo tangoganizani mtsikanayo atadwala mu Febuluwale, chimfine chabe, inu simugona.

Za malamulo

Apa ndiye pamene pali nkhani yeniyeni ngakhale kwa munthu amene alibe mantha ndi za kumudzi. Akadzidzi a kuno, barn owl, tawny owl ndi anzawo, pamodzi ndi mbalame zolusa ngati akabawi, ali pa mndandanda wotetezedwa kwambiri pansi pa malamulo a CITES, mgwirizano wa maiko woyang'anira malonda a nyama ndi zomera zotetezedwa. Kuti munthu agulitse woumika amafunika satifiketi yotchedwa Article 10 imene amapereka a APHA, nthambi ya boma la kuno yoona za umoyo wa nyama ndi zomera, ndipo mlandu sukhala wa wogulitsa yekha, wogulanso umamukhudza. Amene amapulumuka ndi akalekale okonzedwa chisanafike chaka cha 1947, koma akalewo ali ndi vuto lawo, amisiri a nthawi imeneyo ankapaka zikopa sopo wa arsenic, poizoni weniweni, kuti tizilombo tisadye, ndipo poizoniyo saatha, amakhalabe mu nthenga ndi m'fumbi lake. Nde kadzidzi amene munthu akumugulitsa pa mtengo wokwana mu £20 yanuyo, kaya alibe mapepala, kaya wadyedwa ndi njenjete, kaya zonse ziwiri. Inu muli pa viza, musaike pepala lanu pachiswe chifukwa cha phwando la ku ofesi.

Pomwepo ndinenenso izi chifukwa ndikudziwa mmene timaganizira, wina awerenga apa n'kunena kuti aaa ndingouza achimwene akubwera mwezi wa mawa anditengere kachikopa kapena kanyanga kumudzi, azungu akasangalala. Musayerekeze. Lamulo la nyama zakutchire ku Malawi linakhwimitsidwa mu 2017, pa nyama zotetezedwa kwambiri ngati njovu, chipembere ndi ngaka chilango chimafika zaka 30 kundende, ndipo anthu akumangidwadi. Akapulumuka ku Chileka kapena ku KIA akakumana nazo ku Heathrow. Mutengereni tiyi wa ku Thyolo kapena Nali, zimenezo sizimangitsa.

Pali nkhani inanso imene anthu saiganiza pogula zinthu zimenezi, kusamala kwake. Si chidole choti ungochiika n'kuiwala. Chikakhala padzuwa ubweya umasuluka, chikakhala ponyowa, ndipo nyumba za lendi za kuno mukuzidziwa mmene makoma amachitira nkhungu, chimayamba kafungo. Njenjete zikalowa zimadya kuchokera mkati, umangoona tiubweya tikugwa pansi, kenaka zasamukira ku majuzi ako. Mphaka wa m'nyumba naye amaona ngati wamubweretsera ndiwo. Yanga ija khutu limodzi linapita ndi mwana wa aneba amene ankafuna kuona ngati ikuluma. Ndiye kuti ukampatsa munthu chinthu chotere wamupatsanso ntchito, ngati mmene amachitira achibale ena okupatsa mbuzi uli m'tauni pa nyumba ya lendi yopanda mpanda.

Komanso pali kusiyana pakati pa chachilendo ndi chonyansa, anzathu ena amasokoneza. Ku America ku tauni ya Douglas ku Wyoming anyamata awiri apachibale a banja la Herrick m'zaka za m'ma 1930 anamata nyanga za gwape pa mutu wa kalulu n'kutulukira chinyama chabodza chotchedwa jackalope, mpaka lero tauniyo imanyadira, ku Bavaria ku Germany nako ali ndi chawo, wolpertinger, kalulu wa mapiko ndi nyanga. Zimenezo umaseka, ukuona kuti munthu amasewera. Koma pa intaneti palinso zina zoti ukaziona chakudya sichilowa, timiyendo todulidwa topanga ndolo, tinyama m'mabotolo a mankhwala. Zimenezo munthu azidzigulira yekha ndi ndalama zake, si za mnzako wa kuntchito amene mumangopatsana moni pa makina a khofi.

Nde chochita ndi ichi, mwachidule chifukwa ndalemba kale zambiri ndipo shifiti ikundidikira. Mufunseni mnzake wapamtima mu ofesimo ngati mtsikanayo ali kale ndi nyama youmika kunyumba. Akati eya, gulani kambewako, koma kwa munthu amene amapanga yekha ndipo akunena poyera komwe nyama zake zimachokera, muone zithunzi za nkhope chifukwa mbewa yolakwika imaonekera pa maso ndi pakamwa, ndipo chikhale mu kagalasi kovindikira. Dziwani kuti yopangidwa bwino kawirikawiri imadutsa £20, mukapeza yotchipa kwambiri ikayikireni. Akati sakudziwa, tsikani pang'ono, gulugufe kapena chikumbu cha mu fulemu kuchokera kwa ogulitsa odziwika, chimapachikika pakhoma, sichinunkha ndipo palibe amene akomoke potsegula. Gologolo wotuwa wa kuno nayenso alibe mlandu wa mapepala, anachita kubwera naye kuchokera ku America m'ma 1870 ndipo kuno amamuona ngati chilombo chowononga, koma ndi wamkulu, sakwana mu bajeti. Ndipo chilichonse chimene mugule muikemo kakalata ka mizere iwiri konena chifukwa chimene mwamusankhira, olo osalemba dzina. Kakalata kameneko ndi kamene kanasowa mu bokosi langa.

Mbewa yanga ikadalipo. Tinasamuka kawiri, mayi akunyumba anayesa kuiiwala dala pa nyumba yakale maulendo onse awiri koma mwana wathu wamkazi amaipeza, anaipatsa dzina loti Abwana chifukwa cha jekete, ndipo chaka china anapita nayo ku sukulu tsiku loonetsa zinthu za kunyumba n'kukauza kalasi yonse kuti adadi ake amadya zimenezi, aphunzitsi mpaka anandiimitsa pa geti kuti andifunse bwinobwino. Pano imakhala mu chitini cha chokoleti cha Quality Street pamwamba pa wadiropu, imatuluka mu Disembala mokha, ndipo foni ya ku Dedza ikangolira aliyense m'nyumba muno amadziwa ntchito yake, wina amayankha, wina amathamangira ku shelefu. Amayi mpaka lero tikamamaliza kucheza amafunsa kuti kanthu kaja munataya eti, ine ndimati eya amayi, kalekale.